X-ray, CT ndi C-arm: ndani ayenera kusamala kwambiri ndi cheza m'chipatala?

Mukakhala pa benchi ya panja pa chipinda cha X-ray, kaya ku Chipata Central, ku St Francis ku Katete kapena ku Mwami, nkhani zimene mumamva n'zimodzimodzi. Wina amati makinawa amamwa magazi. Wina amati ukajambulidwa kawiri chaka chimodzi, masiku ako aduka. Abambo ena amanong'onezana kuti ukaunikidwa m'chiuno ndiye kuti kunyumba zatha. Pa benchi yomweyo pamakhalanso munthu amene wachita kuumiriza adokotala kuti amulembere X-ray chifukwa cha msana umene wayamba kupweteka dzana, poti kwa iye chipatala chikapanda kumujambula ndiye kuti sichinamuone. Woopa uja akuopa kanthu kakang'ono zedi. Woumiriza uja akudzitengera cheza chimene sichimuthandiza. Ndipo munthu amene cheza chimamufika tsiku ndi tsiku sali pa benchiyo n'komwe. Ali mu thiyeta, wavala zobiriwira, akupatsira dokotala wa mafupa zipangizo.

X-ray ndi cheza cha mtundu umodzi ndi kuwala kumene maso athu amaona, kungoti mphamvu yake ndi yaikulu moti chimapyoza mnofu. M'makinamo muli chubu chopanda mpweya. Wojambula akadina batani, magetsi a mavoti 50,000 mpaka kupitirira 120,000 amathamangitsa maelekitironi kuti akamenye kachitsulo kolimba kotchedwa tungsten, ndipo pomenyapo m'pamene chezacho chimabadwira. Chimatuluka pa kawindo kakang'ono, n'kudutsa m'thupi la wodwala, n'kukagwa pa filimu kapena pa mbale ya dijito imene ili kuseri kwake. Fupa lili ndi kashiamu wambiri ndipo limatchinga cheza chochuluka, n'chifukwa chake limaoneka loyera. Mapapo ndi odzaza mpweya, cheza chimangodutsamo, ndiye amaoneka akuda.

Tengani tochi usiku muigwire pachikhatho. Kuwala kwina kumadutsa, zala n'kuoneka zofiira. Kwina kumathera mu mnofu. Kwina kumanjanja n'kumwazikira m'mbali. Mukaizimitsa, m'nyumba simutsala kuwala, ndipo dzanja lanu siliyaka. X-ray ili chimodzimodzi. Cheza chimakhalapo pa kanthawi kokhako kamene batani ladinidwa, nthawi zambiri osakwana sekondi imodzi. Wojambulidwa satuluka nacho. Akhoza kuyamwitsa, kubereka mwana kumsana, kudya mbale imodzi ndi anzake, ndipo chipindacho sichifunika kudikira kuti chizizire. Koma kuwala komwazikira m'mbali kuja musakuiwale, chifukwa nkhani yonse ya ogwira ntchito yagona pamenepo.

Wilhelm Röntgen anatulukira chezachi pa 8 Novembala 1895 ku Würzburg m'dziko la Germany, ndipo chithunzi chake chotchuka ndi cha dzanja la mkazi wake, mafupa ndi mphete zikuonekera. Chaka chisanathe kuchokera pamenepo, madokotala m'mayiko ambiri anali atayamba kujambula othyoka ndi owomberedwa, osadziwa kuti chinthucho chimapha. Ambiri ankayesa makina poika dzanja lawo lomwe. Clarence Dally, amene ankagwira ntchito ndi Thomas Edison ku America, anapsa manja, zilondazo zinasanduka khansa, anamudula mikono yonse iwiri, ndipo anamwalira mu 1904. Ku Hamburg kuli chipilala chimene anaimika mu 1936, cholembedwa mayina oposa 150 a madokotala, anamwino ndi akatswiri ena amene anafa ndi ntchito imeneyi. Mayina onsewo ndi a ogwira ntchito. Malangizo achitetezo amene bungwe la ICRP, la akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana loona za chitetezo ku cheza, lakhala likukonza kuyambira 1928 anayambira pa zimene zinaonekera anthu amenewa.

Chimene cheza chimachita m'thupi

M'selo iliyonse ya thupi muli DNA, malangizo a mmene seloyo ikhalire ndi mmene igawikire. Cheza cha X-ray chikamadutsa chimatha kuthothola maelekitironi pa maatomu a m'selo, ndipo nthawi zina chimadula DNA. Kwa thupi zimenezi si zachilendo. DNA imawonongeka tsiku lililonse pa zifukwa zina zambiri, ndipo selo imadziwa kudzikonza. Kawirikawiri imakonza bwinobwino. Ikalephera imafa, ina n'kulowa m'malo mwake. Pamene pamavuta ndi pa selo imene yakonza mokhota koma n'kukhalabe ndi moyo, chifukwa patapita zaka zambiri ikhoza kukhala chiyambi cha khansa.

Ndiye mavuto ake ali mitundu iwiri, ndipo anthu amaisakaniza. Mtundu woyamba umabwera maselo ambiri akafa nthawi imodzi: khungu kufiira ndi kusupuka, tsitsi kusosoka, ng'ala m'maso, kusabereka. Umenewu uli ndi malire. Cheza chikapanda kufika pa mlingo wake, sizichitika ayi. Kuti khungu lifiire pamafunika pafupifupi 2 Gy (Gy ndi muyeso wa cheza chimene mnofu wamwa) pa malo amodzi, pamene chithunzi cha pachifuwa chimasiya pakhungu cheza chochepera pamenepo maulendo masauzande angapo. X-ray ya m'chiuno nayo ili kutali kwambiri ndi mlingo woti n'kuwononga mbewu ya abambo, ndipo mphamvu za m'nyumba siizikhudza n'komwe. Za magazi, makinawa alibe poyamwira. Ndimaona kuti mphekeserayi imakhalitsa chifukwa ambiri amene amajambulidwa pachifuwa amakhala akudwala kale, ena TB, ena magazi atachepa kale, ndiye akawonda pambuyo pake mlandu umagwera makina.

Si kuti zoterezi sizingachitike m'chipatala. Mu 2009 zinadziwika kuti pa chipatala china chachikulu ku Los Angeles, odwala 206 analandira cheza choposa choyenera pafupifupi ka 8 pojambulidwa CT (X-ray ya makina ozungulira thupi) ya mu ubongo, ndipo zinachitika kwa miyezi 18 chifukwa makina anatcheredwa molakwika. Zinaululika wodwala wina atadandaula kuti tsitsi likusosoka. Makina anali apamwamba, ndalama zinalipo. Chimene chinasowa ndi munthu woyang'anitsitsa manambala a cheza amene makinawo ankaonetsa.

Mtundu wachiwiri ndi khansa. Zambiri zimene zimadziwika zinachokera kwa anthu amene anapulumuka mabomba a ku Hiroshima ndi Nagasaki mu 1945, amene madokotala akhala akuwatsatira moyo wawo wonse. Cheza chikapitirira 100 mSv (mSv ndi muyeso wa cheza chimene thupi lalandira), kuwonjezeka kwa khansa kumaoneka poyera. Pa milingo yaing'ono ngati ya X-ray wamba, kuwonjezekako n'kochepa moti kumabisala pakati pa khansa zobwera pa zifukwa zina, popeza padziko lonse munthu 1 mwa anthu 5 aliwonse amadwala khansa pa moyo wake. Choncho akatswiri anagwirizana zowerengera mosamala, kuti cheza chilichonse, ngakhale chochepa bwanji, chimawonjezera chiopsezo molingana ndi kuchuluka kwake.

Mlingo umene amagwiritsa ntchito poyerekeza ndi mSv. Mlimi wa ku Vubwi amene sanalowepo m'chipinda cha X-ray amalandirabe cheza chaka ndi chaka, chochokera m'nthaka, m'miyala, mu njerwa za nyumba yake, kumwamba, m'zakudya, ndi mu mpweya wa radon umene umatuluka pansi. Padziko lonse, pa avereji, cheza chachilengedwe chimenechi chimakwana 2.4 mSv pa chaka. Tsono X-ray ya dzanja kapena phazi ndi pafupifupi 0.001 mSv, cheza cha maola ochepa chabe. Ya pachifuwa ili pakati pa 0.02 ndi 0.1 mSv, kuyambira masiku atatu mpaka milungu iwiri ya cheza chachilengedwe. Yoyeza khansa ya m'mawere ndi pafupifupi 0.4. Ya msana wa m'munsi imafika pa 1.5. CT ndi nkhani ina, chifukwa chubu chimazungulira thupi n'kujambula mbali zonse: ya mutu ndi pafupifupi 2 mSv, ya pachifuwa 7, ya m'mimba ndi m'chiuno pafupifupi 10, zomwe zikufanana ndi zaka zinayi za cheza chachilengedwe, kapena zithunzi za pachifuwa zoposa 100. Mwa kawerengedwe kosamala kaja, 10 mSv imawonjezera chiopsezo chodzafa ndi khansa ndi pafupifupi 1 pa 2,000. Chithunzi chimodzi cha pachifuwa chili cha m'ma 1 pa 1 miliyoni.

Kodi chithunzichi chisintha chithandizo?

Malamulo sanaike malire a cheza kwa wodwala, ndipo anachita dala. Mnyamata wa njinga yamoto akagundidwa pa Great East Road, mutu watupa, akusanza, sakuzindikira abale ake, CT ya mutu ndi imene ingaonetse ngati magazi akuundana m'chigaza. Palibe wanzeru amene angayerekeze 2 mSv ndi imfa ya usiku womwewo. Chimodzimodzi agogo amene akhosomola mwezi wathunthu, thukuta lili kamukamu usiku: kukana X-ray ya pachifuwa poopa cheza n'kulola TB kudya mapapo ndi kulowa mwa adzukulu ogona nawo nyumba imodzi. Funso limene wolemba fomu ayenera kudzifunsa ndi loti kodi chithunzichi chisintha chithandizo. Ngati chisintha, munthu ajambulidwe mopanda mantha. Ngati mankhwala akhala omwewo ngakhale chithunzi chioneke bwanji, chezacho chapita pachabe.

Msana ndiye umene umawonongetsa cheza kwambiri. Munthu wapalira munda sabata yonse, msana wagwira, akufuna chithunzi. Misana yambiri yotere imapola yokha pakapita milungu ingapo, ndipo X-ray sionetsa minofu yokokeka. Zimasintha ngati munthuyo anagwa, akutentha thupi, akuwonda, miyendo ikufooka, mkodzo ukuvuta, kapena anadwalapo khansa. Popanda zimenezo, walandira cheza cha zithunzi za pachifuwa 15 kapena kuposa, n'kubwerera ndi mapiritsi omwewo. Ndimawamvetsa a clinical officer amene pakhomo pawo pali mzere wofika panja: kulemba fomu n'kofulumira kusiyana ndi kufotokozera munthu amene wabwera ataganiza kale. Komabe kufotokozako ndiye chithandizo choyenera pamenepo.

Kwina kumene cheza chimatayika ndi pobwereza. Wodwala wajambulidwa kuchipatala cha boma lake, watumizidwa ku Chipata, mwina mpaka ku Lusaka, ndipo paliponse akumujambula chiwalo chomwecho chifukwa filimu inatsala kumudzi kapena inapindika m'chikwama. Envelopu ija isungeni yosapinda, pouma, ndipo ngati anakupatsani CD muziyenda nayo. Si mwano kunena kuti, "Adokotala, anandijambula kale mwezi watha, chithunzi ndi ichi." M'chipindamo namonso zithunzi zimabwerezedwa pa tizifukwa ting'onoting'ono. Wojambula akati, "Amayi, vulani mkanda wa m'khosi, ndipo ngati muli ndi mikanda ya m'chiuno muikweze kapena muichotse," sakufuna kukuchititsani manyazi. Mikanda, mapini, ndalama zachitsulo zomangidwa pa nsonga ya chitenje, chithumwa cha mwana, zonsezi zimaoneka pa chithunzi n'kuphimba chimene akufuna kuona. Akati, "Pumirani mkati, gwirani mpweya," gwiranidi, chifukwa mukasuntha chithunzi chimachita chimbuuzi ndipo muyambiranso.

Sikani ya amayi oyembekezera, ija amapaka mafuta oterera pamimba, ilibe cheza chotere. Imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso. MRI nayonso ilibe, imagwiritsa ntchito maginito, ndipo choopsa chake ndi zitsulo zolowa nazo m'chipindamo. Pamene sikani ingayankhe funso, monga pa ndulu, impso, chiberekero kapena mimba ya mwana, ndi bwino kuyambira pamenepo.

Ana amafunika kusamala kwambiri chifukwa maselo awo akugawika mofulumira, ndiponso ali ndi zaka zambiri kutsogolo zoti vuto lidzaonekere. Kafukufuku wa ku Britain amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2012 anatsatira ana ndi achinyamata pafupifupi 180,000 amene anajambulidwa CT. Anapeza kuti pa ana 10,000 osakwana zaka 10 ojambulidwa CT ya mutu, pamawonjezeka pafupifupi mwana mmodzi wodwala khansa ya m'magazi ndi mmodzi wa chotupa cha mu ubongo m'zaka 10 zotsatira. Nambalayi ndi yaing'ono, koma ndi yokwanira kuti mwana amene wangogunda mutu pa chitseko, akusewera bwinobwino, asamuthamangitsire ku CT. Akafunikadi kujambulidwa, makina atcheredwe molingana ndi kathupi kake, asamupatse mlingo wa bambo wamkulu. Mwana wosakhazikika amagwiridwa ndi kholo kapena wachibale atavala epuloni ya mtovu, ndipo wogwirayo asakhale woyembekezera. Namwino kapena wojambula sayenera kugwira, chifukwa kholo lichita zimenezi kamodzi, pamene iye akanazichita sabata iliyonse.

Mayi kapena mtsikana akalowa, wojambula amafunsa kuti, "Amayi, kumwezi munapita liti komaliza? Mwina muli ndi pathupi?" Funsoli limavuta kuyankha ngati apongozi kapena bambo ake a mtsikana ali pomwepo, n'chifukwa chake wojambula wodziwa ntchito amayamba watulutsa operekeza. Linayamba kufunsidwa mwamphamvu pambuyo pa 1956, pamene dokotala wa ku Oxford, Alice Stewart, anasonyeza kuti ana amene amayi awo anajambulidwa pamimba ali oyembekezera ankadwala khansa mochulukirapo. Nthawi imene ubongo wa mwana wosabadwa umakhudzidwa kwambiri ndi kuyambira sabata ya 8 mpaka ya 15. Koma apanso manambala ndi otonthoza. X-ray ya pachifuwa, ya mutu kapena ya mwendo imafikitsa kwa mwanayo cheza chosakwana 0.01 mGy (mGy ndi gawo 1 mwa magawo 1,000 a Gy). Ngakhale CT ya m'chiuno nthawi zambiri sifika pa 50 mGy. ICRP imanena kuti cheza chosakwana 100 mGy si chifukwa chochotsera pathupi. Mayi amene wazindikira mochedwa kuti anajambulidwa ali ndi pakati apite akakambirane ndi adokotala, asathamangire kwa azitsamba kapena kugula mapiritsi poganiza kuti mwana wawonongeka. Ndipo woyembekezera amene akuganiziridwa TB kapena wachita ngozi amajambulidwa ndithu, mosamala.

Pali chinthu chimodzi chimene chasintha posachedwa. Kale wodwala ankamuphimba kumaliseche ndi kachidutswa ka mtovu. Mu 2019 bungwe la akatswiri a fizikisi ya zachipatala ku America linalangiza kuti zimenezi zisiyidwe, ndipo la ku Britain linatsatira mu 2020. Makina amakono amagwiritsa ntchito cheza chochepa kwambiri poyerekeza ndi akale, cheza chofika ku ziwalozo chimamwazikira mkati mwa thupi momwe mtovu wapanja sungatchinge, ndipo kachidutswako kakaphimba fupa lofunika chithunzi chimabwerezedwa. Zipatala zina zikuphimbabe, zina zinasiya. Mukapanda kuphimbidwa si ndiye kuti akunyalanyazani.

Mu thiyeta

Wojambula wa m'chipinda cha X-ray ndi wotetezeka kuposa mmene anthu amaganizira. Anaphunzira ntchitoyi, ambiri mwa iwo ku Evelyn Hone College ku Lusaka. Makoma a chipinda chake ndi ochindikala kapena okutidwa ndi mtovu, ndipo podina batani amaima kuseri kwa chotchinga, akuyang'ana wodwala pa galasi lokhala ndi mtovu. Mu thiyeta mulibe khoma lobisalako.

Mnyamata wa njinga yamoto uja tinene kuti wathyokanso fupa la ntchafu, ndipo adokotala akufuna kulowetsa chitsulo m'kati mwa fupalo n'kuchimanga ndi masikuluwu. Kuti aone kumene chitsulo chikupita popanda kung'amba mwendo wonse, amagwiritsa ntchito C-arm, makina ooneka ngati chilembo C, mbali imodzi chubu, mbali inayo cholandirira chithunzi. Akaponda pedulo, fupa limaoneka pa sikirini likuyenda. Mphindi imodzi yoponda mosalekeza imaposa kutali chithunzi chimodzi cha pachifuwa. Mozungulira tebulo muli dokotala, womuthandiza, namwino wopatsira zipangizo, wogonetsa wodwala, namwino wothamangathamanga, nthawi zina ndi ophunzira. Ambiri mwa amenewa za cheza anangozimva mwapatalipatali kusukulu. Wodwalayo achita opaleshoni imeneyi kamodzi. Iwo mawa alinso pomwepo, mpaka adzapume pa ntchito.

Cheza chimene chimawafika sichichokera ku chubu mwachindunji. Chimanjanja pa thupi la wodwala. Pa mtunda wa mita imodzi chimakhala pafupifupi gawo 1 mwa magawo 1,000 a chimene chagwa pakhungu la wodwalayo, ndipo chimachuluka mbali imene cheza chikulowera m'thupi, kumene kuli chubu. N'chifukwa chake chubu chimayenera kukhala pansi pa tebulo, cholandirira chithunzi pamwamba, kuti chomwazika chambiri chipite kumiyendo ndi pansi, nkhope ndi khosi zipulumuke. C-arm ikatembenuzidwa chammbali, malo abwino kuima ndi mbali ya cholandirira chithunzi. Wodwala akakhala wonenepa makina amawonjezera okha mphamvu kuti apyoze, ndipo chomwazika chimawonjezekanso. Chilichonse chochepetsa cheza kwa wodwala chimachepetsanso kwa oimirira pambali pake.

Chida choyamba ndi phazi la woponda pedulo. Kuponda pang'ono n'kuchotsa, kuyang'ana chithunzi chomaliza chimene chimatsala pa sikirini m'malo mopondabe uku mukukambirana, kutchera makina kuti aziwala modukizadukiza, kuchepetsa kawindo kuti cheza chigwe pa fupa lokhalo, kuyandikizitsa cholandirira chithunzi kwa wodwala. Woponda anene mokweza asanaponde kuti ena akonzeke. Madokotala amene akuphunzira kumene amaponda nthawi yaitali kuposa akale pa ntchito, ndiye wamkulu amene ali pambali aziyang'ana nthawi imene makina akuwerenga.

Chachiwiri ndi mtunda, ndipo n'chaulere. Mukatalikira kawiri, cheza chimachepa kanayi. Amene anali pa theka la mita akasunthira pa mita imodzi amalandira gawo limodzi mwa magawo 4, akafika pa mamita 2 amalandira gawo limodzi mwa 16. Namwino amene manja ake sakufunika pa nthawiyo angobwerera m'mbuyo mapazi awiri. Zomwezi zimagwira ntchito mu wodi makina oyenda nawo akabwera kudzajambula wodwala wosatha kudzuka: odikirira odwala ndi anamwino atalikire mamita 2 kapena kuposa, basi. Palibe chifukwa chothawira panja wodi yonse.

Chachitatu ndi epuloni. Mkati mwake muli mtovu kapena zinthu zofanana nawo, zochindikala 0.25 mpaka 0.5 mm, ndipo imatchinga magawo 90 pa 100 aliwonse a cheza chomwazika, kapena kuposa. Ndi yolemera makilogalamu angapo. M'mwezi wa Okutobala kuno ku Chipata, uli ndi gauni pamwamba, magetsi a thiyeta akukuwotcha, opaleshoni ya maola atatu, mtima umanena kuti lero lokha ndisavale. Lero lokhalo likachuluka ndiye mlingo wa chaka. Epuloni ikavulidwa ipachikidwe pa chopachikira chake. Ikapindidwa kapena kuponyedwa pa mpando, mtovu wa mkati umang'aluka, ndipo kunja nsalu imaonekabe yabwinobwino. Njira yodziwira ndi kuijambula epuloniyo ndi X-ray kamodzi pa chaka, ming'alu imaonekera. Kolala yoteteza chithokomiro ndi imene imasowa msanga m'mathiyeta ambiri, chonsecho khosi lili pamtunda, pafupi ndi wodwala.

Maso anachedwa kuganiziridwa. Kale ankati diso likhoza kulandira 150 mSv pa chaka. Atapeza zizindikiro za ng'ala mwa madokotala ndi anamwino ogwira ntchito ya mtima pansi pa X-ray, ICRP mu 2011 inatsitsa malirewo kufika pa 20 mSv pa chaka. Amene amaima pafupi ndi C-arm kawirikawiri amafunika magalasi a mtovu okhala ndi zotchinga m'mbali. Manja nawo asalowe m'njira ya cheza. Dokotala akaona mafupa a zala zake pa sikirini, adziwe kuti walandira cheza chachindunji, chimene n'champhamvu kwambiri kuposa chomwazika. Magolovesi a mtovu sathandiza pamenepo, chifukwa makina akakumana ndi mtovu amayesa kuti thupi lachindikala n'kuwonjezera mphamvu.

Kwa ogwira ntchito malire alipo. Ndi 20 mSv pa chaka powerengera avereji ya zaka 5, osapitirira 50 mSv m'chaka chimodzi, ndi 500 mSv pa khungu ndi manja. Kwa anthu wamba, monga mlembi wa mu ofesi yogundana ndi chipinda cha X-ray, ndi 1 mSv pa chaka. Ambiri amene amatsata malangizo amathera kutali kwambiri ndi 20. Wogwira ntchito akakhala ndi pathupi auze akuluakulu ake msanga, kuti ntchito ikonzedwe mwakuti mwanayo asalandire zoposa 1 mSv mpaka kubadwa. Sizitanthauza kuchotsedwa ntchito, ndipo nthawi zambiri sizitanthauzanso kuchoka mu dipatimenti.

Cheza sichioneka, sichinunkha, sichitentha. Chimene chimauza munthu mlingo umene walandira ndi kabaji kovala pachifuwa, kunsi kwa epuloni, ndipo ena amavala kachiwiri pakhosi kunja kwa epuloni kuti kayeze za maso ndi chithokomiro. M'mabaji ambiri muli timakristo timene timasunga mphamvu ya cheza. Ku labotale amatitenthetsa, timatulutsa kuwala, ndipo kuwalako n'kumene kumawerengedwa. Kabaji n'ka munthu mmodzi, sikabwerekedwa. Kakagona mu dirowa kamawerenga ziro, kakasiyidwa kali pa epuloni m'chipinda chojambulira kamawerenga za anthu ena, ndipo zonse ziwiri ndi bodza. Mwini wake ali ndi ufulu woona zotsatira.

Muno m'Zambia woyang'anira zonsezi ndi Radiation Protection Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Ionising Radiation Protection Act la 2005. Malo alionse okhala ndi makina a X-ray, a boma, a mishoni kapena a munthu payekha, ngakhale a dokotala wa mano, amafunika laisensi yake, ndipo bungweli lili ndi mphamvu yoyendera malowo. Wodwala wolowa pa kiliniki ya m'tauni akhoza kufunsa za laisensiyo, komanso ngati wojambulayo ndi wolembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia.

Zonsezi ndi za makina oyendera magetsi, amene akazimitsidwa cheza chimatha. Pali zinthu zina zimene zimatulutsa cheza pazokha usana ndi usiku, ndipo zimenezi amakumana nazo otumizidwa ku Lusaka, ku UTH kapena ku Cancer Diseases Hospital imene inatsegulidwa mu 2007. Wobayidwa mankhwala otulutsa cheza otchedwa technetium-99m kuti ajambulidwe mafupa kapena impso amatulutsadi cheza pang'ono, koma mphamvu yake imatsika ndi theka pa maola 6 alionse, ndiye pakatha tsiku imakhala itatsala pang'ono kutheratu. Womwa iodine-131 chifukwa cha chithokomiro zimamutengera nthawi, poti iyo imatsika ndi theka pa masiku 8. Ameneyu amapatsidwa malangizo okhudza kugona payekha, kusayandikana ndi ana ndi amayi apakati kwa masiku angapo, ndi kusiya kuyamwitsa, ndipo apabanja awatsate monga analembedwera. Wowotchedwa khansa ndi makina ochokera kunja kwa thupi sabwera nacho cheza kunyumba, ndipo palibe chifukwa chomupatulira mbale kapena chipinda.

Zitsulo za m'makina ena owotchera khansa ndiye zoopsa zikatayika. Mu 1987 ku Goiânia m'dziko la Brazil, anthu awiri otola zitsulo analowa mu kiliniki yosiyidwa, n'kuchotsa mutu wa makina, n'kukagulitsa kwa wogula zitsulo zakale. Mkati munali ufa wa caesium-137 wowala mobiriwira ngati mtambo usiku, ndipo anthu anagawana poyesa kuti n'chamtengo wapatali. Anthu 4 anamwalira, mmodzi mwa iwo mtsikana wa zaka 6, anthu 249 anapezeka ndi ufawo pathupi kapena m'thupi, ndipo oposa 110,000 anapimidwa. Otola ndi ogula zitsulo zakale akapeza chitsulo cholemera modabwitsa chokhala ndi chizindikiro cha mapiko atatu akuda kapena ofiirira pa chikasu, chonga chija chili pa chitseko cha X-ray, asachitsegule, asachinyamule, atalikire n'kudziwitsa apolisi kapena a Radiation Protection Authority.